Kodi TB imasankha anthu? Tiyeni timvetse ziwerengero zimene timamva pa wailesi zija

Chaka chilichonse ikafika 24 March pa wailesi pamadzadza nkhani za chifuwa chachikulu, TB ija, ndiye azaumoyo amanena zinthu zina zomwe ambiri kuno ku Mangochi zimatisokoneza mutu. Akuti TB ndi matenda a umphawi. Akuti imagwira kwambiri abambo kuposa amayi. Akutinso mayiko osauka ndi amene asenza mtolo waukulu. Nde munthu umadzifunsa kuti chabwino, koma kachilombo kamadziwa bwanji kuti uyu ndi wosauka uyu ndi wolemera, ndipo ngati imakonda abambo bwanji ukapita kuchipatala m'mabenchi mumadzadza amayi okhaokha ndi ana kumbuyo? Tsiku lina m'minibasi yochokera ku Monkey Bay bambo wina anafunsa mokweza kuti iye amadziwa mwini maboti, munthu wa ndalama zake, nyumba yamalata ya magetsi, koma anamwa mankhwala a TB miyezi 6 yathunthu, ndiye za umphawizo zikuchokera pati. Palibe anamuyankha bwinobwino, ineyo ndinapita nalo kunyumba funsolo, ndipo apa ndiyesa kulimasula pang'onopang'ono.

Kutenga kachilombo ndi kudwala si chinthu chimodzi

Apa mpamene pamayambira chisokonezo chonse. TB imayamba ndi kachilombo kotchedwa Mycobacterium tuberculosis, kamene dokotala wa ku Germany Robert Koch anakalengeza ku Berlin pa 24 March 1882, nchifukwa chake tsiku lokumbukira TB linagwera pa deti limenelo. Iye asanakaone pa makina oonera tizilombo, anthu ambiri ku Ulaya ankati ndi matenda a kumtundu, otengera kwa makolo, monga mmene kwathu kuno munthu akamaonda uku akutsokomola akuluakulu amathamangira kunena za tsempho, mdulo, kapena ndaka kwa anzathu a Chiyao. Kachilomboka kamayenda mumpweya basi. Munthu amene TB yamugwira m'mapapo akatsokomola, kuyetsemula, kuimba olo kungoyankhula, timadontho tating'ono tosaoneka ndi maso timatsala tikuuluka m'chipindamo kwa maola, wina nkudzapuma. Kupatsana moni wapamanja kapena kudyera mbale imodzi sikupatsirana TB, ngakhale m'makomo ambiri wodwala amamupatulira kapu ndi mbale yakeyake koma mawindo ali chitsekere.

Koma kupuma kachilomboko sikuti wadwala ayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi pa anthu anayi alionse padziko lapansi anakatengapo kachilomboka, koma mwa amenewo ndi 5 mpaka 10 okha pa 100 alionse amene adzadwale TB pa moyo wawo onse. Ena onsewo thupi limakatsekera pakona, kamangogona, sakupatsira munthu, sakumva kalikonse. Ganizirani khala lamoto lomwe mayi akwirira ndi phulusa pa mbaula usiku. Likhoza kuzima lokha, likhoza kukhala chomwecho mpaka mmawa, koma mukachotsa phulusa nkuikapo udzu wouma mphepo nkuombapo, moto uja wauka. Phulusa ndi chitetezo cha m'thupi. Njala, HIV, mowa wambiri, fodya, matenda a shuga, ukalamba, zonsezi zimachotsa phulusalo.

Ndiye mukamva kuti gulu lakutilakuti limadwala TB kwambiri, muzifunsa mafunso awiri: kodi anthu amenewa amapuma mpweya wa ndani, m'chipinda chotani, kwa nthawi yaitali bwanji? ndipo thupi lawo lili ndi mphamvu zotani? Pali funso lachitatu lomwe limaiwalika, loti akadwala amafika msanga kuchipatala kapena ayi. Nkhani yonse ya zaka, umuna kapena ukazi, ntchito ndi chuma imazungulira pa mafunso atatu amenewa.

Manambalawa amawatenga kuti

Munthu akapezeka ndi TB amalembedwa m'kaundula, dzina, zaka, mwamuna kapena mkazi, mudzi, mfumu, zotsatira za makhololo, za HIV. Makaundula a zipatala zonse amasonkhanitsidwa ku boma, kenako ku Lilongwe, kenako ku WHO ku Geneva. Ochita kafukufuku amawonjezera mafunso ena, sukulu analekezera pati, amagwira ntchito yanji, nyumba ili ndi zipinda zingati ndipo mumagona anthu angati, amadya kangati patsiku. Akamati maonekedwe a odwala TB pa nkhani ya chiwerengero ndi chuma amatanthauza zimenezi, palibe chachilendo.

Vuto ndi loti kaundula amangodziwa amene wafika. Zili ngati kuima pa doko ku Msaka kapena ku Malembo mmawa nkumawerenga usipa umene wakocheza, mudziwa ndithu za nsomba zomwe zalowa mu ukonde koma za zomwe zatsala m'nyanja mungoyerekeza. Mu 2023 WHO inayerekeza kuti anthu 10.8 miliyoni anadwala TB padziko lonse, koma amene anapezeka nkulembedwa anali 8.2 miliyoni. Oposa 2 miliyoni amenewo ena anathandizidwa m'zipatala zolipira osalembedwa, ena anangomwa mapanado ndi mankhwala a chifuwa a pa golosale, ena anamwalirira kunyumba. Omwalira chaka chimenecho anali 1.25 miliyoni.

Pofuna kuona za m'nyanjamo, mayiko amachita kafukufuku wina wokwera mtengo, wopita khomo ndi khomo kujambula anthu pachifuwa ndi X-ray ndi kuyeza makhololo olo munthuyo akuti ali bwinobwino. Malawi anachita wake mu 2013 ndi 2014, ndipo anaonetsa kuti TB inalipo yambiri kuposa mmene ankaganizira, yochuluka m'matauni kuposa kumudzi, komanso mwa abambo kuposa amayi.

China choti tikonze, mawu oti mayiko osauka amatipangitsa kuganiza za Africa yekha. Kuwerenga mitu ya anthu, India yekha anali ndi odwala 26 pa 100 alionse a padziko lonse mu 2023, Indonesia 10, kenako China, Philippines ndi Pakistan, mayiko asanu amenewa pamodzi kupitirira theka. Chigawo cha Africa chinali ndi 24 pa 100. Koma mukagawa ndi kuchuluka kwa anthu m'dzikomo, mayiko ang'ono ngati Lesotho amakwera pamwamba chifukwa munthu mmodzi wa kumeneko mwayi wake odwala ndi waukulu kuposa wa ku China. Manambala awiriwa onse ndi oona, amangoyankha mafunso osiyana.

Abambo, amayi ndi ana

Mwa odwala a mu 2023 aja, 55 pa 100 anali abambo, 33 amayi, 12 ana ndi achichepere osafika zaka 15. Ndipo ambiri mwa akuluakuluwo ndi a msinkhu wogwira ntchito, amene pakhomo amawadalira, osati agogo okha ngati mmene zimakhalira m'mayiko olemera kumene TB yatsala kwambiri mwa okalamba ndi obwera.

Kalekale akatswiri ena ankati mwina kusiyanaku nkwa m'kaundula chabe, amayi sakupezeka chifukwa alibe ndalama yoyendera kapena mpaka apemphe kaye kwa bambo. M'madera ena zimenezo zilipodi. Koma kafukufuku wa khomo ndi khomo m'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia anaonetsa kuti abambo ali nayodi yochuluka, ndiponso ndi amene amakhala nayo nthawi yaitali asanapezeke. Apa mpamene funso la mabenchi lija likuyankhidwa. Mayi amakumana ndi chipatala kangati pa moyo wake? Sikelo ya mimba, kuchira, sikelo ya mwana, kulera, kudikirira odwala ngati gadiyani, ndipo paliponse pamenepo nesi kapena mlangizi wa zaumoyo atha kumumva akutsokomola nkumupatsa kabotolo ka makhololo. Bambo alibe khomo lotere. Mlovi, msodzi uja, amene wagona panyanja usiku onse akukoka chilimira, mmawa akufuna agawane ndalama agone, simungamuuze kuti akakhale pa mzere tsiku lonse chifukwa cha chifuwa, iye aziti ndi mphepo ya mwera yandilowa. Tsiku limene sanapite kunyanja ndi tsiku limene pakhomo sipaphikidwa, ndipo malo ake m'boti wina atenga.

Onjezerani malo amene abambo amacheza. Zisakasa za m'madoko momwe anyamata asanu ndi atatu amagona mothithikana nyengo ya usipa, mavidiyo sho opanda windo mpira wa ku England ukamaonetsedwa, mashabini, ndende zodzadza zomwe ambiri mwa okhalamo ndi amuna. Onjezerani fodya amene amawononga mapapo ndi kachasu amene amapha chilakolako cha chakudya. Pali asayansi ena amene amati thupi la mwamuna palokha, mahomoni ake, lili ndi mbali yake, ndipo sizinathe kukambidwa kuti mbali imeneyo ndi yaikulu bwanji poyerekeza ndi khalidwe ndi ntchito.

Izi sizikutanthauza kuti amayi apepukidwa. Mayi ndi amene amasamala wodwala usiku m'chipinda chotseka, amaphika mu utsi, ndipo akadwala iye mawu a anthu amakhala owawa kwambiri, ena banja limatha kumene, ena apongozi amayamba kunong'ona kuti ndi matenda aja. Kum'mwera kwa Africa kuno atsikana ndi amayi achichepere amatenga HIV kwambiri kuposa anyamata a msinkhu wawo, ndiye pa zaka zimenezo kusiyana kwa amuna ndi akazi pa TB kumachepa.

Za ana zimandiwawa mwapadera. Mwana satenga TB kumsika, amaitenga m'nyumba, kwa bambo, amalume, agogo amene akutsokomola. Mwana wamng'ono satha kutulutsa makhololo, zizindikiro zake zimafanana ndi chibayo kapena kunyentchera, sikelo imangotsika, ndiye ambiri sapezeka. Katemera wa BCG, uja amasiya chipsera paphewa, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1921 ku France, ndipo amateteza bwino ana ku TB yoopsa ya mu ubongo ndi yofalikira thupi lonse, koma kwa akuluakulu chitetezo chake pa TB ya m'mapapo nchosadalirika. Umboni wina waukulu wa zimenezi unachokera konkuno ku Malawi, pa kafukufuku wa ku Karonga, amene anapeza kuti BCG imathandiza ku khate koma TB ya m'mapapo mwa akuluakulu sinkaitchinga.

Joni, migodi ndi fumbi

Kuno ku Mangochi palibe mudzi umene ulibe munthu ku Joni, pitani ku Namwera, ku Katuli, ku Makanjira mukaone nyumba zamalata zomangidwa ndi ma rand. Ulendowu ndi wakale. Agogo athu ankapita pa Wenela, kenako Theba, mabungwe olemba anthu ntchito ya ku migodi, kukakumba golide pansi pa nthaka ku Johannesburg ndi madera ozungulira, mpaka boma la Malawi linaimitsa mu 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown, nkudzayambiranso pang'ono kenako kutheratu cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Mu mgodi wa golide muli fumbi la miyala lotchedwa silica. Likalowa m'mapapo silituluka, limasiya zipsera, matenda ake amati silicosis, ndipo mapapo otere TB imalowamo mosavuta moyo wonse wa munthuyo olo papite zaka 30 chichokereni ku mgodi. Onjezani mahositelo momwe amuna ankagona ambirimbiri chipinda chimodzi. Munthu akadwala ankamubweza kwawo, ndiye TB ya ku mgodi imadzathera m'mudzi, kwa mkazi ndi ana. Nchifukwa chake atsogoleri a mayiko a SADC anasainirana chikalata chapadera cha TB ya m'migodi mu 2012, ndipo mu 2018 makampani akuluakulu a golide ku South Africa anavomera kupereka 5 biliyoni rand ya chipukuta misozi kwa amene anadwala silicosis ndi TB, ndalama zomwe zikuyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust ndipo a ku Malawi ali m'gulu la oyenera kupindula akakwaniritsa zofunika.

Anyamata a lero sapita ku mgodi kwenikweni, amagwira m'mashopu, m'magaladeni, m'mafamu, koma moyo wake ndi wa m'timashaki ta malata anthu asanu chipinda chimodzi, nyengo yozizira zitseko ndi mawindo zili tseke, m'dziko limene TB ndi yochuluka kuposa kwathu kuno. Amene alibe mapepala amaopa kupita ku kiliniki. Ena amayamba mankhwala kumeneko nkubwera kumudzi mwezi wachitatu opanda kalata yosamutsira, mankhwala nkuthera panjira. M'kaundula munthu ameneyu amangolembedwa kuti mwamuna, zaka 32, mudzi wakuti, za Joni sizioneka.

Umphawi umalowa pati

Tsopano kwa bambo wa m'minibasi uja. Kachilombo sikayang'ana m'thumba, zoona, ndipo mwini maboti atha kudwala, mwina ali ndi shuga, mwina amasuta, mwina amakhala tsiku lonse ndi alovi ake. Mawu oti matenda a umphawi akunena za mwayi. Mvula ikagwa imagwera madenga onse mofanana, koma nyumba zodontha zimachuluka kumene kuli udzu wakale, ngakhale ya malata ina itha kudonthanso.

Umphawi umagwira pa mafunso atatu aja onse nthawi imodzi. Nyumba ya chipinda chimodzi, windo laling'ono lotsekedwa ndi njerwa kapena chiguduli kuopa akuba ndi udzudzu, anthu asanu ndi awiri mphasa ziwiri, ndiye mmodzi akadwala onse apuma. Nchifukwa chake m'matauni mothithikana ngati Ndirande kapena Mtandire TB imachuluka kuposa kumudzi kumene anthu amakhala panja tsiku lonse, olo kuti kumudziko ndi kumene ndalama kulibiretu. Mphepo ndi dzuwa zimabalalitsa ndi kupha tizilomboti.

Kenako chakudya. Pa zinthu zisanu zimene WHO imati zikukankha TB padziko lonse, kusowa zakudya m'thupi ndiye kuli patsogolo, kutsatiridwa ndi zina zija, HIV, mowa, fodya ndi shuga. Mbiri ikuchitira umboni. Ku England m'zaka za m'ma 1800 TB inkapha anthu ochuluka zedi m'mizinda ya mafakitale, koma imfa zinayamba kutsika zaka makumimakumi mankhwala asanabwere, poti mankhwala oyamba, streptomycin, anapezeka mu 1943 ndipo isoniazid inayamba kugwira ntchito mu 1952. Dokotala wina, Thomas McKeown, ankati chinatsitsa ndi kudya bwino ndi kukwera kwa malipiro. Akatswiri ena a mbiri anamutsutsa, amati malamulo a nyumba, ukhondo wa m'mizinda ndi kupatula odwala m'zipatala zawozawo zinathandiza kwambiri. Mkangano umenewo sunathe, koma mbali zonse zimavomereza kuti si mapilitsi anayambitsa kutsikako.

Posachedwapa ku India, m'chigawo cha Jharkhand, anayesa chinthu chosavuta kumva. Mabanja a odwala TB ena anapatsidwa mpunga, nyemba zawo zija ndi mavitamini mwezi ndi mwezi kwa onse a m'nyumba, ena anangopatsa wodwala yekha. Zotsatira zinatuluka mu 2023, m'mabanja amene onse ankadya TB yatsopano inachepa ndi pafupifupi 40 pa 100. Ineyo nditawerenga zimenezi ndinaganiza za miyezi ya January ndi February kuno, chimanga chikatha m'nkhokwe, nyanja ya Malombe nayo chambo chinachepa kalekale, munthu akumwa mapilitsi a TB amene amabweretsa njala yoopsa thupi likayamba kuchira, koma pakhomo pali phala la madzi kamodzi patsiku.

Sukulu nayo imaoneka m'manambala, odwala ambiri amakhala amene sanapite patali. Koma apa tisamale, sikuti kusawerenga kumadwalitsa. Amene analekeza pulayimale nthawi zambiri ndi yemweyo amene ali pa ganyu, nyumba yothina, chakudya chochepa, ndiye nkovuta kulekanitsa kuti chikuchita ndi chiti. Ndipo za asing'anga, anthu ambiri amene amayamba kumeneko si kuti sadziwa chipatala, sing'anga ali pafupi, amalandira nkhuku kapena ngongole, ndipo amayankha funso loti bwanji ine, lomwe makina a ku labu sayankha.

HIV, chimene chimasiyanitsa kuno ndi ku Asia

Wodwala TB wa ku India kapena Indonesia nthawi zambiri alibe HIV, vuto lake ndi njala, fodya kapena shuga. Kum'mwera kwa Africa nkhani ndi ina. Munthu amene ali ndi HIV mwayi wake odwala TB ndi wochuluka kupitirira kakhumi poyerekeza ndi amene alibe, ndipo TB ndi imene imapha anthu a HIV ambiri kuposa matenda ena onse, mu 2023 anali 161,000.

Malawi anaziona ndi maso. Mu 1985, chaka chomwe Edzi inapezeka koyamba m'dziko muno, odwala TB olembedwa anali pafupifupi 5,000. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anali atapitirira 25,000 pachaka, ndipo pa odwala khumi alionse pafupifupi asanu ndi awiri anali ndi HIV. Ma ARV aulere atayamba mu 2004 manambala anayamba kutsika ndipo akhala akutsika. Koma nthawi ija inasiya chipsera m'maganizo, mpaka lero anthu akamva TB amamva Edzi, munthu nkumabisa chifuwa kuopa kuyezedwa magazi. Chilungamo chake nchoti masiku ano odwala TB ambirimbiri m'Malawi, theka kapena kupitirira, alibe HIV, ndipo amene ali nayo akamamwa mankhwala onse awiri amachira TB ngati wina aliyense.

Mankhwala ndi aulere, nanga ndalama zimathera kuti

TB wamba imachizika ndi mapilitsi a miyezi 6, miyezi iwiri yoyamba mitundu inayi ya mankhwala yophatikizidwa, miyezi inayi yotsatira mitundu iwiri. Umodzi mwa iwo, rifampicin, umafiiritsa mkodzo, musadabwe nazo. Pakangotha masabata ochepa munthu akumwa bwino, kupatsira ena kumatsika kwambiri. Njira yoti wina azionerera wodwala akumeza, yomwe inadzatchedwa DOTS, anaikulitsa dokotala wina, Karel Styblo, ku Tanzania ndi mayiko ochepa kuphatikizapo Malawi amene anaiyamba mu 1984, WHO isanalengeze mu 1993 kuti TB ndi ngozi ya dziko lonse lapansi. Kuyeza nako kunasintha, makina a GeneXpert amene WHO inawavomereza mu 2010 amatulutsa zotsatira m'maola awiri ndipo amanena ngati kachilomboko sikakumva rifampicin.

M'zipatala za boma zonsezi salipiritsa. Koma akatswiri ali ndi muyeso wina, amati banja likawononga kupitirira 20 pa 100 ya ndalama zake za chaka chonse chifukwa cha TB, ndiye kuti lagwa m'chiphompho. Mwachitsanzo banja lopeza K1,000,000 pachaka likataya zopitirira K200,000. M'mayiko amene anafufuza, pafupifupi theka la mabanja a odwala TB amafika pamenepo. Ndalamazo zimathera pa zinthu zomwe lisiti ya chipatala sionetsa. Miyezi ya kumayambiriro munthu asanapezeke, kugula maantibayotiki ku famase, kwa sing'anga, ku kiliniki yolipira. Thiransipoti, ndipo amene anayendapo msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja akudziwa kuti kufika pa boma si masewera, kabaza kenako matola, anthu awiri poti wodwala sayenda yekha. Chakudya chapadera. Ndipo chachikulu kuposa zonse, ntchito imene yaima, wodwala sakupita kunyanja, mkazi wasiya geni ya nsomba kuti azimusamala. Kenako mbuzi yagulitsidwa, njinga yapita, katapila walowa, mwana wa Fomu 2 wakhala pakhomo. Ndiye mukaona kafukufuku akuti odwala TB ambiri ndi osauka, kumbukirani kuti ena anali osauka asanadwale, ena TB ndi imene yawasaukitsa, ndipo pepala la mafunso likawapeza kuchipatala silingasiyanitse bwino awiriwa.

Apa mpomwe pamabadwiranso TB yosamva mankhwala. Munthu akamva bwino mwezi wachiwiri nkubwerera ku doko lakutali kukasaka ndalama, mapilitsi nkudukiza, tizilombo totsala tija timaphunzira kupirira, ndipo amene angatenge kwa iye amatenga yosamva kale. Mu 2023 anthu pafupifupi 400,000 padziko lonse anadwala TB ya mtundu umenewu. Kale chithandizo chake chinkatenga mpaka zaka ziwiri ndi majakisoni owononga makutu, pano kuli mapilitsi a miyezi 6 amene WHO inavomereza mu 2022.

Zomwe sizinayankhidwe

Mayiko anagwirizana kuti pofika 2035 imfa za TB zitsike ndi 95 pa 100 kuyerekeza ndi 2015, ndipo pasakhale banja logwa m'chiphompho chija. Liwiro la pano silikufika pamenepo, ndipo akatswiri sagwirizana kuti ndalama zochepa zomwe zilipo zipite kuti. Ena akuti kusaka odwala, magalimoto a X-ray azifika m'madoko, m'misika ndi m'ndende. Ena akuti bola chakudya ndi ndalama zothandizira mabanja, ngati Mtukula Pakhomo, poti kupeza wodwala kokha nkumubwezera m'nyumba yomweyo ya njala ndi kutunga madzi ndi dengu. Ena maso ali pa katemera watsopano wa M72, amene pa kuyesa koyambirira anateteza pafupifupi theka la akuluakulu, ndipo kuyesa kwakukulu kunayamba mu 2024 m'mayiko angapo kuphatikizapo Malawi, zotsatira zake zikudikiridwa.

Palinso nkhani yomwe yasokoneza akatswiri eni ake. Pa kafukufuku wa khomo ndi khomo wa m'mayiko ambiri uja, pafupifupi theka la anthu amene makhololo awo anapezeka ndi TB ananena kuti sakutsokomola mwa njira yodetsa nkhawa, akuyenda, akugwira ntchito. Kodi amenewa akupatsira anzawo mochuluka bwanji? Ngati ndi kwambiri ndiye kuti uthenga wathu wakale woti ukatsokomola masabata awiri, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda pita kuchipatala, ngakhale uli woona, sukwanira.

Nanga ndalama? Ntchito ya TB m'Malawi imadalira kwambiri thandizo lakunja, makamaka Global Fund ndi boma la America, ndipo mu 2025 America inadula thandizo lake lambiri la zaumoyo. Kodi boma lingatseke dzenjelo, ndipo likalephera ayambe kusowa m'kaundula ndi ndani, wa pafupi ndi chipatala cha pa boma kapena wa kuseri kwa phiri ku Chilipa? Shuga akuchuluka m'matauni mwathu, kodi zaka 20 zikubwerazi wodwala TB wa ku Malawi adzakhala akufanana ndi wa ku India? Ndipo funso la kwathu kuno lenileni, boma la Mangochi la anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, amuna ake ambiri ali panyanja kapena pa msewu wa ku Joni, mwezi uno ali ku Makanjira mwezi wamawa ku Chembe kenako ku Durban: munthu wotere mungamupeze bwanji, ndipo mukamupeza, mapilitsi a miyezi 6 azikatengera chipatala chiti?